Chigawo Chomaliza Chinatsikira ku Chitimba

Masiku amene ine ndinali mu Fomu 4, msewu wotsikira kunyanja uja usanazolowere matayala a galimoto, buku silinali chinthu choti munthu n'kulisiya pakhonde nkhuku n'kumapondapo ngati momwe mwachitira inumu. Tiyamike, tola bukulo. Mwakhala mukudandaula tsiku lonse kuti netiweki ikuvuta ndipo manotsi a litiretcha sakutsitsika pafoni, koma buku lathunthu lili pamphuno panu, chikuto chonse chilipo. Khalani pansi, agogo anu ndikuuzeni za buku lathu.

Ine kuno ku Khondowe ndinabwera ngati katundu. Bambo anga anawasamutsa pantchito kuchokera ku Ntcheu, ndipo anandisiya pasukulu yogonera konkuno ndisakudziwa Chitumbuka ngakhale chopemphera madzi. Ndikatsegula pakamwa anzanga ankagwa nacho chiseko, ndiye ndinangophunzira kutseka pakamwapo. Mmodzi yekha ndiye sankaseka, Wongani, mwana wa msodzi wa ku Chitimba, wamtali ngati nsungwi. Iyeyu ankanditchula kuti mnyane, ndiko kuti mnzanga, ndipo mawu oyamba a Chitumbuka amene ndinawagwira anali amenewo.

Chaka chimenecho aphunzitsi athu a Gondwe anasankha anayi okha oti titenge litiretcha ya Chingerezi, ija yovuta, ya okhawo amene chizungu chinkawamvera. Tinali ine, Wongani ndi anyamata ena awiri. Tinkayenda mapewa m'mwamba, koma buku la nthano yaitali loti tidzalembere mayeso linafika limodzi lokha. A Gondwe sanataye nthawi. Anatenga lezala n'kulicheka msana zigawo zinayi, aliyense n'kusoka chake ndi singano ndi ulusi, ndipo anati tizisinthana pakatha sabata ziwiri. Ine chinandigwera choyamba, Wongani chomaliza. Iye anaseka n'kunena kuti, “Mnyane, ine ndayambira kumaliro, iwe wayambira kuchikuta. Tidzakumana pakati.”

Sitinakumane pakatipo. Sabata yachiwiri isanathe kunabwera uthenga woti bambo ake afa ziwalo mbali imodzi, ndipo amalume ake anadzamutenga kuti akagwire bwato, pakuti m'nyumba munali ana asanu ofuna kudya. Ananyamuka ife tili m'kalasi, chigawo chake chili m'thumba la kabudula. Anyamata awiri aja ataona kuti buku laduka mchira analisiya phunzirolo n'kundiponyera zigawo zawo, ndipo ndinatsala ndekha, ine ndi a Gondwe m'chipinda chachikulu, mawu athu akumveka ngati tikulankhulira mumtsuko. Inu lero mumadandaula kuti m'kalasi mumathithikana. Simudziwa kuwawa kwake kokweza dzanja uli wekha.

Zigawo zitatuzo ndinaziwerenga mpaka ulusi kuduka. Nthano yake inali ya mayi wina wa kudziko lozizira, wosauka, amene anachita chinthu chowawa kumayambiriro kwenikweni, ndipo chigawo chachitatu chinathera pakati pa chiganizo, iye atangofika pachipata cha nyumba ina. Ndinapempha a Gondwe kuti andiuze mathero. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, “Kukuuza ndingakuuze, koma mayeso safuna mphekesera, amafuna mawu a m'bukumo. Miyendo uli nayo.” Mayeso anali atatsala mwezi umodzi, ndipo kulephera phunziro limenelo kunali kutsazikana ndi koleji.

Loweruka m'mamawa ndinatsika phiri. Msewu uja mukuudziwa, umakhota mpaka mutu kuzungulira, ndipo potsika mawondo amanjenjemera ngati a nkhalamba. Ndinafika ku Chitimba dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinamupeza Wongani akutembenuza usipa pathandala, atada, manja ali mamba okhaokha. Atandiona anakuwa, “Mnyane! Yewo chomene, wandikumbuka!” Anandikumbatira, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, chimene ndinaganiza chinali shati yanga yoyera.

Anazindikira msanga chimene ndinadzera. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini kamene munkakhala tiyi, ndipo m'menemo munali chigawo chija, chokulungidwa m'kansalu, chopanda ndi dontho lomwe la madzi. Anati ankachiwerenga tsiku lililonse akachoka kunyanja. Asanandipatse anatsegula tsamba lomaliza n'kuloza ndi chala. “Mayi uyu akulira apayu, akulirira ndani? Ndawerenga mpaka kuloweza, koma buku silikunena. Iwe uli ndi chiyambi. Khala pansi, mlongo wanga akuwotcha nsomba, undifotokozere.”

Apa ndiye mumvetsetse, ana inu, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadzinamiza. Ndinkati ndinathamangira belu loitana mayina madzulo, ndinkati kuphiri kunali mitambo ya mvula. Bodza. Dzuwa linali likadalipo lambiri. Chinali chakuti mapepala aja atangofika m'manja mwanga mtima unali kale pamwamba pa phiri, ndipo ndinkachitanso manyazi kukhala pamchenga pakati pa asodzi, ine wa litiretcha. Ndinamuuza kuti, “Ndi nkhani yaitali, mnyane. Ndikangolemba mayeso ndibwera ndi buku lonse, tidzawerenge bwinobwino.” Iye anangogwedeza mutu, n'kundikulungira usipa m'pepala, n'kundiperekeza mpaka pamene phiri limayambira. Nditakhota kawiri ndinacheuka, ndipo anali chiimire pomwepo, kachitini kopanda kanthu kali m'manja.

Mayeso ndinakhoza bwino kwambiri, moti a Gondwe, amene sankadziwa kumwetulira, anandigwira chanza ndi manja awiri. Koma bambo anga anawasamutsanso, ine ndinapita kukoleji kummwera, kenako ntchito ya uphunzitsi, kenako banja, ndipo chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa. Buku lija ndaliphunzitsa kwa ana osawerengeka. Funso la Wongani ndalifunsa m'makalasi ambiri, ndipo ana a eni ake ankaliyankha mosavuta, ena akuyasamula.

Nditapuma pantchito n'kubwerera kuno, ndinagula buku latsopano lathunthu n'kutsika nalo pa galimoto. Ndinapeza mwana wamkazi wa Wongani, mayi wamkulu kale, akugulitsa nsomba m'mbali mwa msewu. Anati bambo ake anatisiya zaka zitatu m'mbuyomo. Nditatchula dzina langa anaika beseni pansi. “Ndinu a mnyane aja? Adada ankati mudzabwera. Akamasoka ukonde ankalankhula chizungu chachitali okhaokha, ife n'kumaseka kuti mutu wawasokonekera.” Ndinamupempha kuti anene mawu amene akuwakumbuka, ndipo anatchula atatu kapena anayi, opotokapotoka, koma ndinawazindikira. Linali tsamba lomaliza lija.

Ndiye inu werengani, mukhoze, mupite kutali kuposa ine, palibe akukuletsani. Koma mnzanu amene watsalira m'mbuyo akadzakufunsani kanthu kamene inu mukukadziwa, musadzamuuze kuti mudzabweranso. Khalani pansi pomwepo, shati imachapika. Yankho limene ndinamumana Wongani silikanatha ndi nthawi yowotchera nsomba imodzi.

Mayi uja, mnyane, ankalirira mwana wake, amene anamusiya pachipata chomwecho pa tsamba loyamba.