Suti Yanga Inandichedwetsa Kuchira

Olemekezeka oimira Bwanamkubwa wa boma lathu la Nkhata Bay, olemekezeka mkulu wa zaumoyo m'boma lino, mafumu athu, abusa ndi akulu a mpingo, anamwino ndi aphungu, asodzi a kuno ku Kande amene mwasiya maukonde padzuwa, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni nonse.

Kalata yondiitana inati mukufuna mphunzitsi wopuma pantchito kuti adzatsegule chipinda cha uphungu ndi matenda a maganizo. Ndikuthokoza chifukwa cha ulemuwo, koma ndiulule poyera: mwaitana wodwala. Musatembenuke kufunafuna, ndi ine ndemwe, wa tayi yofiirayu.

Ife Atonga tili ndi vuto limodzi, ndipo timalinyadira. Timakhulupirira kuti munthu wosita malaya sangadwale mutu. Kwa ife wodwala maganizo ndi yekhayo woyenda wosavala pamsika wa Mpamba. Wopukuta nsapato, ayi, ameneyo ali bwino.

Mayi akunyumba, a Esnart, atatisiya, ine ndinalowa mumdima. Chakudya chinkandikanika, kwaya ndinasiya, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadzifunsa kuti ndikudzukiranji. Koma suti sindinasiye. Ondifunsa pamsewu ndinkawayankha kuti, "Nde umampha," ndili bwino, iwo n'kuyang'ana nsapato zanga, n'kukhutira.

Tsiku lina ndinalimba mtima kupita kuchipatala. Poti Mtonga sapita kwa dokotala ngati akupita kumunda wa chinangwa, ndinavala suti, tayi, chipewa, chikwama m'manja. Namwino wina wachitsikana, dzina lake Lilian, atangondiona anaimirira chilili, poganiza kuti ndine woyendera wochokera ku unduna. Anandionetsa mosungira mankhwala, anandionetsa mpope, mpaka zimbudzi zatsopano. Ine manyazi atandigwira, ndinangoti, "Pitirizani ntchito yabwino," n'kubwerera kunyumba ndi matenda anga. Mukusekatu! Ndinayendera chipatala chimenecho kawiri konse.

Ulendo wachitatu, a Lilian anandiyang'ana kumaso osati kunsapato, n'kutseka chitseko. Anati, "Bambo, woyendera sabwera sabata iliyonse. Mukugona bwino? Mukudya?" Abale anga, ndinalira ngati mwana, tayi yonse kunyowa. Sindikunama, akanapanda kufunsa tsiku limenelo, sindikudziwa ngati bwenzi ndili pano, chifukwa moyo ndinali nditatopa nawo.

Ndi iwo amene anandiuza kuti chinthucho chili ndi dzina: matenda a kukhumudwa, dipuleshoni. Si ulesi, si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo palibe anandilodza. Anandiuzanso kuti matenda a maganizo ndi ambiri. Wina nkhawa imamugunditsa mtima popanda chomuthamangitsa. Wina amamva mawu amene anzake sakuwamva. Wina anapulumuka ngozi ya bwato, koma mutu wake ukumirabe mpaka lero. Winanso mowa ndi chamba zamumanga miyendo. Onsewa thandizo lilipo: ena uphungu, ena mankhwala, ena zonse ziwiri, ndipo amene zawakulira amatumizidwa kuchipatala chachikulu, osati kumangidwa chingwe kuseri kwa nyumba.

Ine anandipatsa mankhwala, n'kundiika m'gulu lokambirana. Ndinkaganiza kuti kucheza si mankhwala, pajatu ife kuyankhula tinayamba tili m'mimba. Koma kumeneko ndinaphunzira kuti kulongolola ndi kwina, kunena chimene chikukupweteka ndi kwina. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale utavala chipewa cha ku Joni.

Tithokoze onse amene anaumba njerwa, anatunga madzi ndi kupempha aphungu kuti chipindachi chitheke. Pempho langa ndi limodzi: mnzanu akati ali bwino, mufunseninso kachiwiri.

Chipindachi chiyamba kulandira anthu Lachiwiri. Amene mukuopa kukhala oyamba pamzere, mtima m'malo, malo amenewo ndatenga kale ine, pakuti ndikadali pa chithandizo. Mukandipeza pa benchi, musanamizire kuti mwabwera kudzaona wodwala wina. Khalani pambali panga, tidikire limodzi.

Ndi mawu amenewa, mwaulemu ndi mokondwera, ndikulengeza kuti chipinda chathu cha uphungu chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.