Mlatho Udikira Achule

Anthu akhala akunong'onezana kuti bungwe lina lakunja laimitsa zomanga mlatho chifukwa cha achule. Mayi wina wosoka zovala anaiphulitsa nkhaniyi pokwerera basi, osadziwa kuti bambo amene anakhala naye pabenchi amagwira ntchito kubungwe lomwelo.

"Simenti inafika kalekale, bambo, koma akuti tidikire achule."

"Si achule wamba, mayi. Mtundu umenewu kulibenso kwina. Ndine ndimawawerenga."

"Inuyo? Ndevu zonsezi?"

"Opereka thandizo akufuna mlatho umangidwe, achulenso asathe. Tikadziwa pomwe amaikira mazira, mlathowo tingousuntha pang'ono."

"Ndiye mudziwa liti?"

"Amaikira mvula ikagwa."

"Mvula ikagwa mtsinje umadzaza, chipatala chili tsidya. Mwana wanga ndi woyembekezera, mwezi wake ndi womwewo. Ndikamuuze adikire nawo?"

"Akazi anganso ndi oyembekezera. Ndinawaperekeza kale kwa mchemwali wawo tsidyalo."

"Mwaona? Anu munawaolotsa. Ife tilibeko wachibale."

"Kwa alamu angawo pabalaza pali malo. Lembani nambala yanga, ndikawapempha."

Mayiyo anatsonya, n'kuyang'ana foni yake nthawi yaitali. Mukanakhala inu, mukanailemba?