Anandichotsa Ntchito Chifukwa cha Manambala a Malata

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Esinati wa kwa Nazombe, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinachotsedwera ntchito pa mlandu womwe sindinapalamule.

Ndinalembedwa m'gulu lina la kafukufuku. Tinkayeza mmene malata, phula la pamsewu, njerwa zootcha ndi simenti zimabwezera kuwala kwa dzuwa, kuti zithunzi za setilaiti zizitha kusiyanitsa denga ndi msewu kapena bwalo la fumbi. Ine ndi amene ndinkanyamula makina oyezera pa boma la Phalombe ndi ku Migowi. Ndinkakwera pamadenga dzuwa lili paliwombo, malata akundiwotcha m'mawondo. Mtambo ukangotulukira ku phiri la Michesi ndinkasiya n'kudikira, chifukwa muyeso wa pamthunzi umanama.

Kenako mayi anga anagonekedwa m'chipatala, ndipo ndinapempha masiku asanu. Nditabwerako, bwana wathu anandiimika pamaso pa anzanga n'kunena kuti manambala a ku Migowi ndi olakwika, ndawononga ntchito ya miyezi itatu. Sanandilole kuyankha. Anandichotsa ntchito, ndipo dzina langa analifufuta m'lipoti.

Ndinabwerera kumudzi kukalima nandolo. Anthu omwe ankanditcha wasayansi anayamba kundifunsa ngati setilaiti yanga ibweretse mvula chaka chino. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo. Ndinkapemphera inde, koma mokwiya, ndikufunsa Mulungu chifukwa chake amasiya abodza pamipando.

Tsiku lina a Namakhwa, dalaivala wa gululo, anafika kwathu pa njinga. Anandiuza kuti masiku amene ndinali kuchipatala, bwanayo anayeza yekha madenga a ku Migowi kunja kuli mitambo, pothamangira kubwerera ku tauni.

"Ndinakhala chete poopa ntchito yanga, mwana wanga," anatero. "Koma makina aja amalemba tsiku ndi nthawi. Ndawauza akuluakulu kuti akaone okha."

Anakaonadi. Anandiitananso ku ntchito, ndipo dzina langa linabwerera m'lipoti. Bwanayo anangomusamutsira ku ofesi ina, ndipo mpaka lero mawu akuti pepani sindinawamve. Ndisakunamizeni, kukhululuka ndikuphunzirabe.

Komabe ndikuthokoza Mulungu amene anatsegula pakamwa pa munthu wamantha kuti choonadi chituluke. Inu amene mwanamiziridwa, musatope. A Namakhwa anaika ntchito yawo pachiswe chifukwa cha ine, pomwe ndinali ndisanawaganizirepo n'komwe kuti angandilankhulire.