Mlandu wa Ndowa ya Usipa

"Kodi wophwanya pangano ndi munthunso?"

Apa panali pa siteji ya Ngala. Wofunsayo anali bambo wogula usipa. Anatembenukira mayi wina wosamudziwa, yemwe ankadikira minibasi ya ku Dwangwa.

"Mayi, ndikupita ku polisi ku boma kukasumira Zahra, wogula usipa mnzathu."

"Wakuberani, bambo?"

"Kuba n'kwabwino. Ogula tonse padoko tinapangana mtengo umodzi wa ndowa, asodzi afune asafune. Iye dzulo wawonjezera. Mabwato onse akukocheza kwa iye!"

"Ha! Mfiti yeniyeni. Kulipira msodzi bwino, masanasana?"

"Ndiye mwamvetsatu. Tamuletsa kale kuyanika pa mathandala athu. Usipa wakewo uwole."

"Nanga asodziwo panganolo anavomera?"

"Msodzi avomere chiyani? Ntchito yake ndi kunyowa."

"Zoona, mwamuna wanga amanyowadi. Koma paja pali lamulo loletsa amalonda kupangana mitengo. Pa wailesi amanena."

"Zimenezo n'za makampani a ku Lilongwe, mayi. Lathu ndi pangano loyera. Tinachita kugwirana manja titatuluka mu mzikiti."

"Ndiye wapolisi mukamuuza zonsezo?"

"Zonse! Ndi mayina omwe. Wapampando wake ndine."

"Mashallah! Mukayambe ndi pamenepo, bambo. Mukayankhule mokweza kuti alembe bwino."

Minibasi ya ku Dwangwa inaima, kondakitala akuitana. Mayiyo anamanganso mpango wake osasuntha.

"Pitani, achimwene, ku Dwangwa sindipitanso. Ndiwaperekeza bambowa."