Mpando wautali wa apongozi anga

Zaka zimene zija, matipate atangoyamba kumene, msewu wa ku Karonga uli fumbi ndi maenje okhaokha, lole ya matola inatigubuduza pamtsetse, ine n'kuthyoka nyonga. Inu asungwana mukudandaula kuti mwatopa pa benchi pano kudikira ekisire, koma ife tinkayenda masiku atatu kuti tikafike ku Blantyre.

Kumeneko dokotala wina wochokera kunja anandiika chitsulo m'chiuno muno, ndipo anandiuza kuti sanachimate ndi simenti ya mafupa ayi, koma n'chokhakhala dala kuti fupa langa limere n'kuchigwira lokha. Malemu amuna anga, poti anali mmisiri womanga nyumba, anangopukusa mutu, amvekere chomangidwa popanda simenti sichiona dzinja lachiwiri. Dokotalayo anandilamula kuti kwa miyezi itatu ndisagwade, ndisanyonyomale, ndisakhale pansi, apo ayi chitsulo chidzaguluka ndipo kuyenda kudzavuta.

Nkhani inagona pamenepo. Kwathu ku Chisenga mtengwa sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna, salankhula nawo, ndipo akawaona akubwera amapatuka n'kugwada mpaka adutse. Si za lero zopatsana moni pa foni zija. Ine nditabwerako ndinkangoti njo pa ndodo zanga, ndipo azilamu anayamba kunong'onezana kuti tauni yandiphunzitsa mwano, kuli bwino andibweze kwa makolo anga. Ndinali ndi ana anayi, ndipo mukudziwa kuti kuno ng'ombe za malowolo zikaperekedwa ana amatsala kwa bambo. Ndinalira, asungwana inu, sindikubisirani.

M'mawa wina ndikuchokera kunkhokwe, ndinangoti gululu ndi apongozi pakanjira kopapatiza ka m'nthochi. Mumtima ndinati bola chitsulo chiguluke kusiyana n'kusiya ana anga, ndipo ndinayamba kupinda bondo. Iwo anatembenuka msanga, kundipatsa msana, n'kulankhula ndi nthochi imene inali patsogolo pawo.

"Iwe nthochi, kawauze amake adzukulu anga kuti asagwade. Mwendo umenewo ndi wa mudzi uno."

Patapita sabata ndinapeza mpando wautali wosema wochokera kwa apongoziwo pakhonde panga, wofika m'mawondo ndendende, ndipo azilamu aja aliyense anatseka pakamwa.

Tsopano zaka zikuyandikira makumi atatu. Ndalima mawere ndi nyemba, ndasenza nkhuni, ndavina pa maukwati a ana onse anayi. M'nyengo yozizira chitsulo chija chimandikumbutsa kuti chilipo, zoona, ndipo adokotala akuti kambale kapulasitiki ka m'kati kayamba kuperepeseka, n'chifukwa chake ndimabwera kudzajambulitsa. Koma chitsulo chenichenicho fupa linachikumbatira ngati mizu pa mwala, pamene chipupa cha simenti chimene amuna anga anamanga chinang'aluka kalekale. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apongozi aja anamwalira tisanalankhulanepo liwu ndi limodzi lomwe. Tsiku la maliro awo, fupa litagwira kale, ndinagwada pamanda mpaka anthu onse kumwazikana, kubweza mawondo onse amene anandikhululukira.

Ndiye iwe msungwana wa ndodo ziwiriwe, mwana wanga, usathamangire kusangalatsa anthu ndi mwendo umene sunapole. Mvera adokotala, ndipo amene amakukondadi adzapeza nthochi yake yoti alankhule nayo.