Feston Watentha Phiri Katatu

Gulu lokambirana za mitengo ndi nthaka la kufupi ndi Jenda linali ndi anthu khumi ndi anayi papepala, koma Lachinayi lija m'kalasi munafika awiri okha, ena onse ali kuumba njerwa za tchalitchi. Panali wapampando, Mavis NyaLungu, mayi woti akagwira mfundo ngakhale ng'ombe zapagoli sizingamusunthe, ndi mlembi wake, Stafford Shaba, amene amakhulupirira chilichonse chimene maso ake aona.

Nkhani inali ya kanema amene galimoto ya zankhalango inaonetsa sabata yathayo: mnyamata akutentha tchire kuti agwire mbewa, moto n'kulumphira m'munda wa paini. Tsoka lake, amene anasewera mnyamatayo anali Feston, mwana wa NyaLungu, wogwira ntchito kunkhalango ya Viphya. Ndipo Feston yemweyo anali atatumiza kale thenga kwa a Shaba kukafunsira mwana wawo Rute.

"Funso loyamba," anatero NyaLungu, akuwongola pepala la mafunso lochokera ku ofesi ya zankhalango. "Mwaphunzirapo chiyani pa kanemayu?"

"Ndaphunzirapo kuti Rute sapita."

"Sapita kuti?"

"Kunyumba kwanu, amama."

NyaLungu anatsitsa magalasi. "Adada Shaba, za ukwati zili ndi thenga wake. Pano ndi pagulu. Funso loyamba."

"Ndayankha kale."

"Limenelo si yankho la nkhalango."

"Latuluka m'nkhalango momwemo. Ndinamuona ndi maso angawa. Kabudula wa khaki, machesi kumanja, khwee! Phiri lonse psiti."

"Aa, inu! Lija ndi sewero."

"Sewero?" A Shaba ananyambita pensulo n'kutsegula kope la gulu. "Mwezi watha, pa kanema wa kukokoloka kwa nthaka, ine ndinati zija n'zongopanga. Inu munamenya tebulo lomweli. Ndinalemba, onani: wapampando wati kanema sanama."

"Sanamadi."

"Enya. Mbwenu ndiye kuti anatentha."

"Sanatenthe!"

"Mbwenu kanema wanama."

"Sananame!"

A Shaba anayang'ana kudenga kwa kanthawi, kenako anayamba kulemba mofatsa, akutchula liwu lililonse. "Phiri... linadzitentha... lokha."

"Fufutani zimenezo!"

"Labala ndinabwereketsa mnzathu wa m'gulu, Marjory."

NyaLungu anapumira m'mwamba. Feston anali atagula kale jekete la ukwati, ndipo mudzi wonse unali utaliona litayanikidwa pachingwe. Koma kusiya pepala la mafunso pakati, zimenezo sanachitepo chiyambire.

"Funso lachiwiri. Kodi mnyamata uja akanachita chiyani kuti ngozi isachitike?"

"Akanandimvera ine."

"Inu munali kuti?"

"Kutsogolo kwenikweni. Musandione ngati munthu wouma mtima, amama. Nditaona za ku Jenda ndinati yayi, munthu amaphonya. Ndiye m'mawa mwake ndinapalasa njinga kutsatira galimoto ija mpaka ku Embangweni, kuti ndikaone ngati wasintha."

"Mayo ine!"

"Ndinakhala pafupi ndi nsalu yoonetserapo kanema ija. Atangotulutsa machesi ndinakuwa, Feston, ona mphepo! Kodi anacheuka? Khwee!"

"Akanacheuka bwanji, poti..."

"Ndinati mwina injini ya kanema ikusokosa. Ku Edingeni ndinaimirira n'kuimirira komwe, mpaka anthu anandigenda ndi zitsononkho. Feston, ndine apongozi ako! Chitsamba chomwecho, dzanja lomwelo. Katatu, amama. Munthu wosamva ngati ameneyo sindinamuonepo."

NyaLungu anaomba m'manja kamodzi, ngati wagwira wakuba. "Chabwino. Ngati phiri linapsa ku Jenda, ku Embangweni anatenthanso chiyani?"

"N'zimene zandiopsa chomene. Munthu wotentha zopsa kale."

"Koma kumapeto analapa! Munaona, analira, anadzala mitengo."

"Analira, enya. Katatu."

"Funso lachitatu," anatero NyaLungu. "Tchulani kuipa kwa moto wolusa."

"Umathetsa maukwati."

"Adada Shaba!" Pepala linagwa patebulo. "Mwana wanga ndi mlonda wa mitengo. Amakwera nsanja kuyang'ana utsi. Munthu akangosuta fodya pafupi ndi paini amamuthamangitsa. Inu mukufuna kumumana mkazi chifukwa cha moto wapansalu?"

A Shaba anadabwa zenizeni. "Moto? Ndani wadandaula za moto?"

"Si inu?"

"Yayi. Tchire limapsa chaka ndi chaka. Ine ndikufunsa mbewa."

"Mbewa?"

"Zili kuti? Mwamuna watentha phiri lathunthu, katatu, wabwerako chimanjamanja. Ngakhale kamchira kokha!" Anayamba kuwerenga zala. "Wayatsa dzuwa lili paliwombo. Mphepo ikumuomba kumaso. Sanalambule m'mbali. Khasu lokumbira mauna alibe. Moto utangoti buu, wataya thumba, liwiro! Chipewa chinatsala pachitsa. Munthu wotere mwana wanga adzamudyetsa chiyani? Utsi?"

Apa ndiye zinamupweteka NyaLungu. Kunena kuti mwana wake ndi chigawenga akanapirira, koma kuti ndi mbuli yosadziwa kugwira ndiwo, zimenezo zinamulasa pamtima.

"Anachita kumuuza bwana wa kanema kuti athawe choncho!"

"Oho. Ndi munthu wochita kuuzidwa."

"Anangonamizira kusadziwa!"

"Ananamizira bwino chomene. Ine ndakhuta nazo."

"Feston wanga? Kusadziwa mbewa? Inu, mwana ameneyo ali Sitandade 4 ankabwera nazo m'ndowa!"

"Zimenezo sizinaoneke pansalu."

"Amadziwa una wa mbewa ndi una wa njoka pongoununkhiza!"

"Pansalu ananunkhiza fumbi, pothawa."

NyaLungu anaimirira, chitenje anachimanganso mwamphamvu. "Mukulikumbuka dambo la kuseri kwa tchalitchi? Chaka chija linapsa mpaka kumsewu?"

"Moto uja tinauzima masiku awiri? Unandipsereza nsidze?"

"Womwewo! Mukuganiza anayatsa ndani?"

"Tinkati ndi anthu odutsa a ku Lundazi."

"Lundazi wa chiyani! Feston! Kamtengo ka machesi kamodzi, mphepo ili kumsana, madzulo dzuwa litapepa. Mbewa mipani khumi ndi iwiri! Tinadya sabata yathunthu, zina tinapatsa abusa!"

Panja mbuzi inalira. NyaLungu anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, koma mawu akatuluka sabwerera.

A Shaba anaika pensulo pansi pang'onopang'ono. Anaimirira, anavula chipewa, nkhope yonse ili mwee.

"Khumi ndi iwiri?"

"Musalembe zimenezo."

"Ndi kamtengo kamodzi?"

"Ndati musalembe, ndapota."

"Asebele!" anafuula a Shaba, akumugwira dzanja ndi manja awiri monga amachitira makolo amene ana awo akwatirana. "Bwanji osanena kale? Mwandipalasitsa njinga mpaka ku Edingeni pachabe! Yewo chomene! Thenga abwere, Rute ndi wanu."

NyaLungu anakhala pansi. Chimwemwe chinamufika mpaka m'maso. "Yewo, adada. Mbwenu tatha. Titseke ndi pemphero."

"Katsala kamodzi."

"Kachiyaninso?"

"Za dambo ndangomva ndi makutu. Za phiri ndinaona ndi maso, katatu. Maso akutsogolabe." Anavalanso chipewa. "Kuseri kwa khola langa kuli tchire lofika m'khosi. Abwere Loweruka madzulo, ndidzamuone ndekha popanda nsalu."

"Adada Shaba, ine ndine wapampando wa gulu lino."

"Enya."

"Ndakhala zaka zitatu ndikuletsa anthu kutentha tchire."

"Enya, ndinalemba zonse."

"Zikamveka kuntchito kwa Feston..."

"Mbwenu Rute akhale. Kwathu sanatope naye."

NyaLungu anatola pepala lija. Funso lomaliza linali kufunsa zimene gulu lagwirizana pofuna kuthetsa moto wolusa m'dera lawo. Analiwerenga kawiri, anasuzumira pazenera ngati kukubwera munthu, kenako analipinda bwinobwino n'kulilowetsa m'chikwama.

"Machesi muli nawo," anafunsa monong'ona, "kapena abwere ndi ake?"