Amanditcha wakuba shuga, chikhalirecho vuto linali m'kamwa

Moni abale anga mwa Ambuye, a ku Mitundu kuno ndi inu a ku Nathenje kumene ndinabadwira. Ine ndine Nabanda, ndimadwala matenda a shuga. Koma chimene chinandiliza si matendawo ayi, ndi kunamiziridwa.

Achipatala atandipeza nawo, zonse zimene anandiuza ndinatsata. Tiyi wopanda shuga, ufa wa mgaiwa, mapiritsi osadumphitsa. Nzimbe, ine wokulira kudimba, ndinkangoiyang'ana ngati mlendo. Koma ndikapita kokayezetsa, ati shuga wakwera. Mwezi wotsatira, wakweranso. Maso anayamba kuchita nkhungu, miyendo dzanzi.

Ndiye mwana wanga Esinati, wobereka ndekha, anasanduka wapolisi. Ndikachoka ku msika wa Mitundu, iye ali pakhomo, kundilanda jumbo. "Amayi, mandasi mwabisa kuti?" Mpaka kumasula mfundo ya chitenje changa! Shuga wa m'nyumba ankamutsekera m'sutikesi. Kumaliro a mlamu wanga ku Nathenje, anauziratu amayi ogawa thobwa kuti andidumphe, pa anthu onse aja. Nkhalamba ine, wa zidzukulu zokwatiwa, ndibe shuga ndi supuni?

Pamenepo n'kuti m'kamwa mwanga muli nkhondo imene sindinauze munthu. Nkhama zinatupa, ndikaluma mbatata pankatsala magazi, mano awiri akugwedera. Ndinkati ndi ukalamba. Mankhwala anga anali aja tinkachita posankha fodya ku esiteti: kusinja fodya, kusakaniza chidulo, n'kufinyira pankhama. Ululu unkazizira, fungo ndiye ayi. Choncho ndinkayankhula nditaphimba pakamwa ndi nsalu, maso pansi, anthu n'kumati agogo awa ndi aulemu.

Tsiku lina ndinapemphera mokwiya, Mulungu andikhululukire. Ndinati, Ambuye, Inu mumaona m'kapu yanga. Ngati kufa ndife, koma ndisafe ndi dzina la wakuba. Nditumizireni mboni.

Mboniyo inali dokotala wina wamkazi amene ndinamupeza ulendo wotsatira. Anandifunsa zimene ndimadya, ine n'kumayankha m'nsalu muja. Esinati walowerera kale: "Amadya mobisa awa, adokotala."

"Dikirani, ayankhe okha. Agogo, sindikukumvani. Tachotsani nsaluyo."

Ndinakana. Anaumirira. Nditachotsa, sanabweze nkhope, anangoti, "Tayasamulani." Anaunika ndi tochi nthawi yaitali.

"Zimenezi zinayamba liti?"

"Chaka chatha, mwina kuposa."

"Bwanji simunanene?"

"Inu mumafunsa za shuga. Za mano ndimati ndi khomo lina."

Anatifotokozera kuti thupi ndi limodzi. Nkhama zikakhala ndi mafinya, thupi limakhala likulimbana nazo, ndipo shuga amavuta kutsika. Shuga akakwera, nkhamazo zimavutanso kupola. Fodya uja ndiye ankangoonjezera.

Ananditumiza kwa dokotala wa mano. Anandipala zouma za m'mbali mwa mano, anazula awiri aja, anandipatsa mankhwala, n'kundiphunzitsa kutsuka ndi mswachi m'mawa ndi madzulo. Fodya ndinataya, ngakhale ndinamulira masabata angapo. Matenda a shuga sanathe, mapiritsi ndikumwabe. Koma patapita miyezi itatu, anati shuga watsika. Chakudya chomwecho, kapu yomweyo!

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya. Inu anzanga odwala shuga, musatope ndi mankhwala, ndipo mukaona magazi pamswachi kanenereni komweko, asanakufunseni n'komwe. Manyazi anga anatsala pang'ono kundithera maso. Inunso ana, musanaseche jumbo ya mayi wanu, yambani mwamufunsa pamene pakuwawa.

Ine kulemba sindidziwa. Akulemba mawu awa ndi Esinati yemweyo. Wandipempha kawiri kuti za thobwa zija tizichotse. Ndamuuza kuti alembe, ndipo Lamulungu akawerenge yekha kutchalitchi, mokweza.